Madontho Atatu a Bowa wa ba Mudenda

Lolemba, 15 Epulo 1996

Palibe. Ndayesa kanayi, palibe ngakhale kamthunzi.

Ndilembe bwinobwino, mwina mtima utsikako. Matumba atatu a Gano, bowa wofiira uja womera pa mitengo yakufa, wolimba ngati thabwa, amayenera kunyamuka Lachisanu kupita kwa wogula wathu wa ku Joni, amene amapangira tiyi wamankhwala. Munthuyo sativuta ndi malamulo ambiri. Anatitumizira kabotolo ka ufa wachitsanzo n'kunena kuti ufa wathu uzifanana nawo, basi. Ndiye ine ndimanyika ufa mu sipiriti, kudontheza pa kagalasi kopaka zoyera, kukaimika m'botolo la jamu mpaka mankhwala akwere, kenako kukaunika ndi nyale ya buluu. Bowa weniweni amatulutsa madontho atatu, lina pamwamba pa linzake. Amenewo ndiwo mankhwala owawa amene munthuyo akufuna. Wachitsanzo, atatu. Wathu wa Febuluwale, atatu. Wa lero, galasi lili mbee.

Ndinalawanso ndi lilime, zimene ku koleji ankatiletsa. Gano amawawa kuposa kwinini. Uyu ngati ukutafuna katoni.

Ba Bornwell, eni bizinesi, anabwera kudzaima pakhomo la galaja lawo limene amalitcha labu, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. "Ba Mervis, so ni chani manje? Mashini yanu yafa?" Mashini ake ati? Botolo la jamu ndi nyale imene ndinapempha tsiku limene fakitale ya nsalu inatsekedwa? Zaka naini ndinkayesa utoto kumeneko, palibe anandifunsapo ngati ndikuidziwa ntchito. Ndinawayankha kuti vuto si galasi, vuto ndi bowa. Akuti lembani. Ndalemba kuti sakufanana ndi chitsanzo, ndasaina.

Koma ba Mudenda! Munthu wamkulu, imvi mbuu, wosema ziboliboli pa msika wa Mukuni Park muno mu Livingstone, amene amatitolera bowayu kuthengo. Ndi iwo anandiphunzitsa kumusiyanitsa ndi anzake ofanana naye. Ndinkawapatsa tiyi m'kapu yangayanga. Ndipo akadadziwa mmene Amama anavutikira! Akazi a ba Bornwell atakana fungo pa kapinga wawo wa ku Highlands, matumba onse anabwera kwathu ku Nottie Broadie kuti akaumire kumeneko. Ine ndinali ku Lusaka kokagula sipiriti, Amama ndi msana wawo uja kulimbana nawo okha. Kuvutikira zinyalala. Asa!

Lachiwiri, 16 Epulo

Ba B. ananditenga ku Mukuni Park, ati ndikakhale mboni. Ndinaganiza kuti tikawaitanira ba Mudenda pambali monga anthu. Ayi, pakati penipeni, azungu awiri a zipewa akusankha nyamalikiti pa benchi yawo.

Ba Mudenda anali akupala mvuu ndi sandipepa. Asanamalize n'kutipatsa moni komwe, pepala langa linali kale m'mwamba.

"Mudala, ndimwe kawalala! Mwatigulisa gong'a! Onani, sayansi yakamba!"

Gong'a, katundu wachinyengo, ngati mawotchi a m'misewu aja ofa tsiku lachitatu. Ine sindinalembe liwu limenelo. Ndinalemba kuti sakufanana. Koma sindinatsutse.

Ba Mudenda anaika mvuu pansi. "Bowa uja nauziba kuchokera nikali mwana, ba Bornwell. Sininachinje mutengo." Kenako anayang'ana ine. "Ba Mervis, imwe munaona masaka pobwela. Munanunkhiza. Munakamba ati ili bwino."

Ndinati, "Galasi siinama, ba Mudenda." Ndinanena mokweza kuti onse amve, ndipo zinandikomera m'kamwa.

Azungu anabweza nyamalikiti n'kusunthira kwina. Pobwerera ba B. anandigulira fanta, ati ndayankha ngati loya. Ndinamwa.

Lachitatu, 17 Epulo

Ndakumana ndi ba Lonah ku positi ofesi, aja ogulitsa madengu moyandikana ndi ba Mudenda. Akuti msika wonse ukuwatcha kale ba Gong'a. Akuti komiti ya osema ikhala Lachitatu likubwerali, ndipo lamulo lawo ndi loti wonyenga achoke, ngati uja anapaka polishi wa nsapato pa mtengo wa mukwa n'kumauza alendo kuti ndi mtengo wakuda. Zaka makumi awiri ndi zinayi pa benchi imodzi. "Manje bazadya chani, ba Mervis? Bali na bazukulu basanu ba mwana wao uja anamwalira."

Nanga ine nditani? Ndine ndinawatuma kukatola zolakwika? Aliyense akuganizira zidzukulu za ba Mudenda, palibe akuganizira amene akadamwa tiyiyo. Masiku ano maliro sakutha, anthu akuonda tikuwaona, akugwira chilichonse chimene auzidwa kuti chithandiza. Kaya Gano amathandiza kaya ayi, ine si dokotala. Koma munthu wodwala akagula Gano apatsidwe Gano, osati utuchi. Ntchito yanga ndi imeneyo, ndipo sindipepesa kwa aliyense.

Komabe ba B. andinyansa. Panalibe chifukwa chochitira sewero pamaso pa alendo. Amakonda kumveka munthu uja, ngakhale popemphera.

Lachinayi, 18 Epulo

Ndikuweruka ndapeza ba Mudenda pa geti pathu ndi njinga. Amama anawatulutsira mpando, anakana. Madzi akumwa anakananso. Anandipatsa phukusi la pepala la simenti, m'kati muli bowa mmodzi wamkulu ngati mbale, wothyola lero lomwe.

"Chisa cha mutengo ni chamene chija. Yesani iyi." Basi, anakwera njinga.

Kundiyesa mayeso ine! Lero ndiye akumbuka kumene kuli weniweni, eti. Amama akuti nkhope ija si ya munthu wakuba, wakuba akadakhala pampando n'kuyamba kulongolola. Ndawauza kuti za labu andisiyire ine.

Lachisanu, 19 Epulo

Lole ya ku Joni yapita yopanda katundu wathu.

M'mawa ba B. anabwera ndi nzeru. Ati titenge ufa wotsala wa Febuluwale tisakanize ndi wa matumba awa, madontho aoneke ngakhale pang'ono. Ndinawafunsa ngati Lachiwiri lija sanali iwo amene amakuwa za gong'a. Anaseka, ati amangocheza.

Magetsi anabwera cha m'ma 11. Ndinaumitsa kachidutswa ka bowa wa dzulo n'kuyesa. Atatu, owala kuposa a chitsanzo. Chabwino, zimenezo ndimayembekeza. Chimene sindimayembekeza ndi ichi. Ndinatenga zidutswa za m'matumba aja n'kuziika pambali pa watsopanoyu, galasi lokulitsa lili m'manja. Timabowo ta pansi n'tofanana. Khungu lonyezimira lija n'lomwelo, kungoti la m'matumba lazimirira, lachita makwinya. Mizere ya m'kati ndi yomweyo. Ndatembenuza zidutswa mwina makumi atatu kufuna chimodzi chachilendo, sindinachipeze. Ndi bowa mmodzi.

Ndiye mankhwala apita kuti? Sipiriti wa ku Lusaka ali bwino, poti chitsanzo chikuoneka naye. Dzuwa silingachotse onse atatu. Ndinayamba kuganizira akazi a ba B. ndi mankhwala awo opopera maluwa, ndipo ndikadakondwa akadakhala iwo, koma matumba anangogonako tsiku limodzi, omanga. Mutu ukuwawa. Sindinauze munthu.

Loweruka, 20 Epulo

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

M'mawa ndikuchapa kuseri, Amama ali pa mbaula ndi khwanya wawo. Kuwiritsa, kukhetsa madzi pansi pa mpapaya, kuyala pa mphasa. Chaka chilichonse amatero mvula ikatha, ngati tikadali ku Katete, kumene ine ndinapitako kawiri kokha. Ndinangoti mfutso wa chaka chino wachuluka. Iwo osatembenuka n'komwe:

"Uwu ngwosavuta. Wandivuta ndi bowa wako uja, mwanawe. Kuwawa kwake! Ndinawiritsa kamodzi, kulawa, ndulu yeniyeni. Ndinachita kuthira soda, kuwiritsa katatu, mpaka anakhala bwino. Makala anatha thumba lathunthu."

Sopo anagwa m'manja. Ndinakuwa, Mulungu andikhululukire, ndinawakuwira Amama mpaka a nyumba inayo anasuzumira pa mpanda. Ndani anakutumani? Mwawononga katundu, mwaphetsa munthu wosalakwa! Ndinati muyanike, basi, muyanike!

Anapukuta manja pa chitenje, pang'onopang'ono.

"Iwe Mervis, usandikwezere mawu pakhomo pano. Unati chiyani m'mawa uja ukuthamangira basi? Unati, Amama mundifutsire bowayu. Ndinakufunsanso, ndifutse? Unati eya, mufutse bwinobwino asachite nkhungu. Tsono kufutsa n'kutani?"

Ndinati kufutsa n'kuumitsa.

"Kwa yani? Kuyanika n'kwina, kufutsa n'kwina. Chofutsa chimayamba chalowa mumphika. Bowa aliyense kwathu timafutsa, mwana wa zaka zisanu akudziwa. Inu a m'tauni mumatola mawu ngati zovala zakale za pa salaula, osayang'ana saizi."

Ndipo ndikukumbuka. Ndinanenadi. Ndinasankha dala liwu limenelo, lakumudzi, kuti akondwe, poti amandiseka kuti Chinyanja changa n'cha pa siteshoni ya basi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikudya mfutso, ndinkayesa masamba ouma chabe. Sindinaimepo pa mbaula kuti ndione. Ndinali ku sukulu, ndinali ku fakitale, ndinali wophunzira. Nditabwerako ku Lusaka ndinapeza zidutswa zili pa mphasa, ndinawathokoza, ndinawagulira shuga.

Soda! Madontho aja ndi ma asidi. Asidi ukamuthira soda amasungunukira m'madzi, za Fomu 3 zimenezi. Ndikadafuna kuchotsa mankhwala onse mwadala sindikadapeza njira yoposa ya Amama.

Zochapa zikadali m'beseni.

Lamulungu, 21 Epulo

Ku tchalitchi ndimangotsegula pakamwa, nyimbo osatuluka. Amama anakhala benchi ina. Zolengeza anawerenga ba B., tayi yofiira.

Lolemba, 22 Epulo

Sindikhulupiriranso mawu okha, ngakhale a Amama, ngakhale anga. Ndinatenga theka la bowa amene ba Mudenda anabweretsa Lachinayi, kuduladula, kuwiritsa katatu ndi soda wa m'kabati mwathu, madzi osataya. Madziwo ndinawathira viniga kuti asidi abwerere, n'kuyesa zonse ziwiri. Bowa wowiritsa, mbee. Madzi, atatu onse ali ngwee. Ndiye kuti mankhwala a matumba atatu anamwedwa ndi mpapaya wathu.

Ndinaitana ba B., kuwaonetsa magalasi awiri pansi pa nyale, kuwafotokozera zonse, za liwu lija ndi za soda. Ndimayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikadakonda. M'malo mwake anatseka chitseko cha galaja.

"Ba Mervis, mvelani. Nauza kale wa ku Joni pa foni ati ni mudala anatinyenga, tamuchosa. Amvela, atipasa mwezi umozi. Manje nimutumire futi ati pepani, ni ise taphika mankhwala yanu monga delele? Azaseka, azayenda kugula ku Zimbabwe. Iyi nkhani isile muno."

Ndinafunsa kuti nanga ba Mudenda? Komiti ndi Lachitatu.

"Mudala uja azapeza pena. Ba Nyambe ba ku Dambwa bakamba kale ati bangatitolere." Kenako, akutsegula chitseko: "Mukayenda kuja, musabwele kuno. Nchito masiku yano muziba mwamene ilili."

Ndikudziwa mmene ilili. Anzanga a ku fakitale ali ku mlatho wa ku mathithi akugulitsa mabanzi, mmodzi wa iwo anali sitolokipa wamkulu. Koma munthu ameneyu! Dikoni wathunthu! Lachiwiri lapitali anali ndi mawu omveka mpaka ku mathithi, lero akunong'ona. Bodza sakuliopa, akuopa kusekedwa pa foni. Ndipo dzina lili pa pepala si lake, ndi langa. Ndapsa mtima mpaka chakudya chakanika kulowa. Chovuta n'choti ndikayamba kuwatukwana mumtima ndikumvanso mawu anga aja a pamsika, ndiye ndimasokonezeka kuti ndikutukwana ndani.

Lachiwiri, 23 Epulo

Tsiku lonse kutsuka mabotolo oyera kale. Ba B. akungodutsadutsa, "Zonse bwino, ba Mervis?" kumwetulira kwa mano okha.

Nthawi ya nkhomaliro ndinadutsa ku Mukuni Park, tsidya lina la msewu. Basi ya alendo inali itaima, osema onse akuitanira. Ba Mudenda atangokhala, manja pa mawondo, sakusema, sakuitanira. Wotsogolera alendo anawalambalalitsa anthu ake pa benchi yawo ngati pali dzenje. Ndinafulumira.

Ndaganiza njira zonse zamantha. Kulemba kalata yopanda dzina. Kutuma ba Lonah. Kupita kwa ba Mudenda kwaokha n'kukapepesa mwakachetechete, ngati kuti anatukwanidwa mwakachetechete. Ndaganizanso zokanena kuti panachitika kavuto poumitsa, osatchula munthu. Koma zimenezo ndiye zoyankhula za ba B. zenizeni.

Madzulo Amama anandiyankhula koyamba chichokereni Loweruka. Ndinawauza za ntchito. Anapitiriza kusankha nyemba. Kenako anati, "Ngati ukuopa ndipita ndine. Ndikanena kuti nkhalamba yosaphunzira inaphika mankhwala. Andiseka, atopa." Ndinati ayi, inu munachita zimene ndinanena. "Eya, ndikudziwa. Ndimafuna ndimve ngati iwenso ukudziwa."

Amayi awa! Ngakhale pondithandiza amayamba andibaya.

Magalasi awiri ndabwera nawo m'chikwama, madontho nditawazunguliza ndi pensulo. Nyale ndaisiya. Ndikadaitenga akadadziwa.

Lachitatu, 24 Epulo

Sindinapite ku Highlands.

Komiti imakhala kuseri kwa mabenchi, pansi pa mtengo, amuna asanu ndi awiri pa zitsa, ena onse ataimirira mozungulira. Wapampando ndi ba Mukelabai, aja osema ng'oma. Pepala langa linali pa bondo lawo, ba B. anawasiyira. Ba Mudenda atakhala paokha, atavala jekete la ku tchalitchi m'kutentha konseku.

Ndinapempha kuyankhula. Ndinatulutsa magalasi, kuyamba za asidi ndi soda, ndinaona maso a anthu akupita kwina. Ba Mukelabai anandidula. "Ba sisita, ise sitinaphunzire ivo. Kambani chabe, mudala ananama olo sananame?"

Ndinati sananame. Bowa anali weniweni. Ndine ndinauza amayi anga liwu lolakwika, anamuphika, mankhwala anapita ndi madzi. Ndine ndinasaina ndisanafufuze, ndinenso ndinawanyoza pano pamaso panu.

Anaseka, ena mpaka kugwira mimba. "Sayansi yaphikiwa!" Wina kumbuyo akufunsa kuti manje gong'a ni ndani. Ndinaima pomwepo nkhope ikuyaka, ndikudziwa kuti nkhani ifika ku Highlands ine ndisanafike ngakhale pa positi ofesi. Ba Mukelabai anang'amba pepala lija pakati, ati nkhani yatha, mudala abwerere pa benchi yake.

Ba Mudenda sanaseke. Dzanja sanandipatse. Anthu atabalalika anandikodola, anang'amba chivundikiro cha katoni ya sopo, n'kundipatsa pensulo imene imakhala kukhutu kwawo.

"Vamene mwakamba, lembani. Mu Chitonga. Bakazi banga kumunzi sibakudya bwino, na ku chechi bamvela kale. Beve babelenga Chitonga chabe."

Ndinati Chitonga sinditha kulemba. Kubadwira muno mu Livingstone, koma ndimadziwa moni yekha ndi zogulira tomato.

"Nizakuuzani. Nkhalani."

Ndinakhala pansi pa zipalapala za mukwa, siketi yanga ya kuntchito, katoni pa bondo. Iwo akutchula, ine ndikulemba. Liwu lililonse ndinkawaimitsa n'kufunsa kuti limatanthauza chiyani kwenikweni, kenako n'kufunsanso ba Lonah. Kawiri anandifufutitsa ndi chala chonyowa. Mizere inayi inatitengera ola lathunthu. Titafika pansi ndinadikira liwu lotsatira, pensulo ili m'mwamba.

"Apo ni zina yanu, ba Mervis. Iyo muiziba."

Ndinalemba lonse, ndi la bambo anga lomwe.